Sitika Yobiriwira

Clifford ankapinda malaya a Mcdonald n'kumawaika m'sutikesi, koma kumuyang'ana kumaso kunkamukanika. Mcdonald anali atakhala pabedi m'chipinda chawo cha kampani ku Jebel Ali, kutsidya kwa nyanja komwe anapita kukagwira ntchito, akutsokomolabe pang'ono. Ntchito inali itamuthera, ndipo basi yopita kubwalo la ndege inkabwera masana omwewo.

Nkhani yake inali m'kamwam'kamwa. Dziko lina lamphamvu la m'chigawocho linkasungitsa mphatso zake m'nyumba ya katundu momwe awiriwa ankagwira ntchito. Anali makina othandiza odwala korona kupuma, opita kumaiko oyandikana nalo. Koma mphatso za akuluakulu sizikhala zaulere. Dziko likasaina pangano lobwereketsa doko lake, mabokosi ake ankamatidwa sitika yobiriwira n'kunyamuka. Likamanyinyirika, sitika yofiira, lidikire kaye. Kadziko kena kanadikira miyezi iwiri, anthu ake akufera pakhomo pa zipatala. Clifford ankaziona pafoni, chakudya n'kumukanika.

Lachiwiri lina mabokosi a kadziko kaja anapezeka ndi sitika yobiriwira, ndege n'kupita nawo. Kompyuta inaonetsa kuti anatulutsidwa ndi khadi la ntchito la Mcdonald. Kamera inaonetsa munthu wakuda, wovala masiki ndi chipewa. Kwa mabwana, umboni unakwanira.

Mcdonald sanakane mlandu. Clifford, mnzake wa ku Ntcheu yemwe anabwera naye ndege imodzi, ataitanidwa ngati mboni anangoti sakudziwapo kanthu. Mawu amenewo ndi omwe ankamudya mumtima. Mcdonald anali ndi ana atatu pasukulu ndi nyumba yosafolera.

"Amwene, ndibwerere kuofesi ndikakulankhulireni," anatero Clifford.

"Khalas, zatha, zisiyeni. Akakuchotsani nanunso, ana anga awaona ndani?"

Basi inaliza hutala panja. Clifford anatseka sutikesi ija. Mcdonald ananyamuka, n'kumusisita paphewa ngati wofedwa ndi Clifford.

Lachiwiri lija Mcdonald anali chigonere pabedi lomwelo, thupi litatentha, akubisa matenda kuopa kutsekeredwa kwa odwala korona. Anangopempha mnzake kuti akamugwirire ntchito tsiku limodzi, basi. Khadi lake linali m'khosi mwa Clifford.