Foni imene a Haruna anaidula katatu

Panali munthu wina ku Ngokwe, mlimi wa thonje, dzina lake a Haruna. Nkhaniyi anandiuza ndi wachibale wawo, ndiye musati ndapeka.

Mwana wawo Fauziya atakhoza mayeso a Fomu 4 ndi mapointi 18, anafunsira malo kuwiri: ku yunivesite ndi ku koleji ina ya unamwino ku Balaka. Iye analibe foni, choncho pa mafomu onse analemba nambala ya bambo ake. Mtima wa mtsikanayu unali pa unamwino basi.

A Wyson, aphunzitsi a Fauziya, anawalangiza a Haruna mwachifatse. Anati ku koleji amaphunzitsa ntchito yeniyeni ya m'wodi, zaka zitatu munthu watenga dipuloma, digiri n'kudzaiwonjezera ali kale pa ntchito. Ku yunivesite ndi digiri, inde, koma malo a unamwino ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. Koleji ikaitana asazengereze.

Koma a Haruna anali atalengeza kale pa mzikiti, Lachisanu anthu akutuluka, kuti mwana wawo akupita ku yunivesite. Kwa iwo koleji inali sukulu ya olephera.

Tsiku lina ali kumunda foni inalira. Anali mayi wa ku ofesi ya koleji, akuti Fauziya wasankhidwa, atsimikize malo ake pasanathe sabata ziwiri. A Haruna anangodula, ndipo kunyumba sananene kanthu. Mayiyo ataimbanso, anadulanso. Kachitatu mayiyo anachita kufunsa ngati mwanayo akubwera kapena ayi.

"Iyayi, ameneyo anakwatiwa. Musaimbenso," anatero a Haruna n'kudulanso.

Bodza lamkunkhuniza, abale! Fauziya tsiku ndi tsiku ankafunsa ngati a ku koleji aimba, bambo n'kumapukusa mutu.

Mayina a ku yunivesite atatuluka, a Wyson anawerenga mndandanda kawiri konse. Fauziya mulibe. Mawa lake a Haruna anati apita okha ku Balaka akafunse za malo aja, koma Fauziya anakakamira kutsagana nawo, poganiza kuti a ku koleji anangoiwala dzina lake. Njira yonse, m'minibasi mpaka pa kabaza, bambo ankangopemphera chamumtima kuti akapeze munthu wina pa ofesipo.

Anapeza mayi yemwe uja. Iye atangopereka moni, a Haruna anawazindikira mawuwo. Mayiyo anatsegula faelo n'kunena kuti malowo anapatsidwa kale kwa wina, ophunzira anayamba mwezi watha, chifukwa mwini nambala anati mwana anakwatiwa. Fauziya anati n'zosatheka, mwina anaimba nambala yolakwika. Mayiyo sanatsutse. Anangotenga foni ya pa tebulo n'kuimba nambala ya pa fomuyo.

Inalira m'thumba la a Haruna.

Foniyo inkangolira, mwini wake akulephera ngakhale kuigwira. Fauziya sanalire, sanakalipe. Anawayang'ana bambo ake n'kufunsa motsitsa mawu:

"Baba, ndinakwatiwa ndi ndani?"

Mpaka lero mwanayo ali ku Ngokwe, akupalira thonje ndi bambo ake.

Phunziro: Koleji si sukulu ya olephera, ndipo yunivesite si ya kudzitama nayo pagulu. Funsani kuti iliyonse imaphunzitsa chiyani, muone mapointi a mwana ndi ntchito imene iye akufuna, ndiyeno musankhe naye limodzi. Tumizirani makolo onse amene mukuwadziwa, makamaka amene nambala zawo zili pa mafomu a ana.