Malaya Abuluu pa Zalewa

"Azaumoyo aja akubwera," ananong'ona mayi wogulitsa tomato.

Eliness, wogulitsa mandasi, anaona malaya abuluu ngati mtambo, mtundu wa yunifomu yawo, akuwoloka msewu. Chibukireni kolera, mphekesera inali yoti wopezeka akugulitsa zophikaphika akagona kupolisi. Eliness anakhuthulira mandasi onse m'ngalande yamatope, beseni n'kulikhalira.

Malayawo atayandikira, anaona kuti ngaatali mpaka m'mawondo. Anali a Shafik apagolosale, akumwetulira.

"Mwaiona kurta yanga ya Idi, mayi? Amwenye amatchena chonchi pachikondwerero. Andipatsa ndi abwana a ku Limbe." Anamwazamwaza maso. "Kodi mandasi ali kuti? Kwathu kwadzaza alendo, ndimati nditenge onse."