Tsitsani Chala, Ndikuchiona

Panali munthu wina ku Mlolo, m'boma la Chadiza, dzina lake Trywell, mlimi wa thonje. Amene anandiuza nkhaniyi akulumbira kuti inachitikadi.

Akazi ake, a Philomena, anachita ng'ala m'maso onse awiri mpaka anasiyiratu kuona. Patapita nthawi, a Trywell anabwera ndi mtsikana wina pakhomo.

"Amayi a Chiyanjano, uyu ndi Lonia, mwana wa achimwene anga. Azikuphikirani ndi kukutungirani madzi."

A Philomena anathokoza ndi mtima wonse. Sanadziwe kuti Loniayo sanali m'bale ayi, anali chibwenzi cha amuna awo. Anthu a m'mudzi ankadziwa, koma ankaopa kuulula.

Tsiku lina namwino wa pakiliniki, a Selina, anafika pakhomopo. Anajambula maso a mayiwo ndi foni n'kutumiza zithunzizo kwa dokotala wa maso m'tauni. Lonia asanamalize n'komwe kukazinga mtedza wa mlendo, yankho linali litabwera: ng'ala imeneyi imachotsedwa, abwere nawo.

A Trywell anakana kwamtuwagalu.

"Dokotala woona munthu pafoni? Makina amenewo amaboola maso! Sapita kulikonse."

"Bambo, ambiri achira. Musawatsekere mwayi mayiwa," anatero a Selina. Koma bamboyo anangowalozera njira.

A Trywell atapita kumaliro kutali, a Lemmy, mlongo wawo wa a Philomena, anawakweza panjinga mpaka pamsewu, n'kukwera nawo minibasi. Kuchipatala sanawachedwetse n'komwe. Dokotala anachotsa ng'ala m'diso limodzi, n'kuikamo kagalasi kakang'ono ngati mamba a nsomba. M'mawa mwake atamatula bandeji, a Philomena anakuwa.

"Mayo ine! Lemmy, ndiwe? Imvi zonsezi zinabwera liti?"

Anayang'ana zikhatho zawo, anayang'ana mtengo pawindo, tsamba lililonse palokhapalokha. Anagwada pansi n'kuyamba kuimba, anamwino n'kumavomera.

Anabwerera kumudzi atavala magalasi akuda a kuchipatala. Anapeza amuna awo atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, mutu wa Lonia uli pamiyendo pawo. Lonia anali atavala chitenje chatsopano cha a Philomena, mimba ili patsogolo.

A Trywell sanasunthe n'komwe. Anangoika chala pakamwa kuuza Lonia kuti akhale chete, kenako anati, "Mwabwerako? Ndinanena ine kuti mukungodzivutitsa. Lonia wapita kumadzi."

A Philomena anavula magalasi aja pang'onopang'ono.

"Tsitsani chala, bambo a Chiyanjano. Ndikuchiona."

Akuti bamboyo anadzambatuka pamkeka paja. Lonia anathawa osatenga ngakhale patapata.

Ankhoswe atakhala pansi, mlandu sunatalike. A Trywell anali mkamwini pamudzipo: nyumba, munda ndi ana, zonse zinali za kuchikazi. Anachoka masana dzuwa likuswa mtengo, khasu ndi bulangete zili pakaliyala pa njinga, mudzi wonse ukuonerera. A Philomena anaima pakhomo n'kuwayang'ana mpaka njinga inazimiririka m'chimanga.

Phunziro: Osamanga chinyengo chako pa matenda a mnzako, chifukwa masiku ano Mulungu wapatsa anthu nzeru zodabwitsa, ndipo amene ali mumdima lero mawa adzaona. Osatsekereza wodwala kupita kuchipatala. Tumizirani ena nkhaniyi, mwina pali mayi wina amene akhalira mumdima chifukwa chongoopsezedwa.