Tulo ta Nambala 41

Kadzidzi anakiya chitseko, natembenuzira kompyuta kwa Mandevu.

"Mayeso ako omaliza ndi awa. Werenga tulo ta munthu uyu, undiuze chimene chikumudya."

Kadzidzi linali dzina limene ophunzira anapatsa pulofesa wawo. Mkuluyu anatha zaka makumi atatu akuyang'anitsitsa anthu ali m'tulo, ndipo akakuitanira ku ofesi kwake sikunkakhala kwabwino. Mandevu anali dokotala kale, bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, koma anabwerera pa benchi zaka ziwiri kuti akhale katswiri wa matenda a tulo. Pa satifiketi yake panatsala siginecha imodzi yokha, ya mkulu yemweyu.

Lamulo la mayesowo aliyense ankalidziwa. Wophunzira sauzidwa dzina la wodwala, zaka zake, ngakhale kuonetsedwa nkhope yake. Amangopatsidwa nambala ndi mizere imene makina amalemba munthu akagona m'chipinda choyezera, mawaya ali mbwee m'mutu ndi m'thupi. Uyu anali Nambala 41.

Mandevu anayamba modzidalira. Kupuma kunali bwino, mtima unali bwino. Koma atafika pa nthawi ya maloto, anaona zachilendo. Munthu akamalota thupi lake limayenera kulefuka, kuti za m'maloto zithere m'mutu momwemo. Uyu ayi. Mizere ya manja ndi miyendo inkaphiriphitha ngati nsomba yoponyedwa pamtunda. Nambala 41 ankaponya zibakera, ankaponda, ankafinya chinachake ndi manja onse awiri, ali m'tulo tofa nato.

Matendawa Mandevu ankawadziwa, ndipo ankawaopa. Mwini wake amadzuka m'mawa ali phee, osakumbuka kanthu. Wogona naye ndiye amadzuka ndi mabala, mwinanso kupulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Choipa koposa, nthawi zambiri matendawa amakhala kalambulabwalo chabe. Pakapita zaka manja amayamba kunjenjemera, miyendo kuuma, mutu kuiwala.

Anadzutsa maso. Tsidya la tebulo, dzanja la Kadzidzi linali kunjenjemera pa kapu ya madzi. Mkuluyo ataona kuti aonedwa, analibisa kunsi kwa tebulo.

Mandevu anayamba kukumbukira. Sabata yonseyi pulofesayo sankaseka, sankadya, ankamuzemba m'makhonde. Dzulo lomweli anasokoneza dzina la nesi amene wagwira naye ntchito zaka khumi. Komanso mayeso a anzake anachitikira m'holo, pamaso pa aphunzitsi atatu. Ake okha ndiwo anali a anthu awiri, chitseko chokiya. Panalibenso chofunsa apa: tulo timeneti tinali ta bwanayu. Dokotala sadzipima yekha, ndiye wasankha wophunzira amene amamukhulupirira kuti amuwerengere chigamulo.

Mantha anamugwira Mandevu. Akanena zoona, mkulu wonyadayu akhoza kupsa mtima n'kubweza cholembera m'thumba, zaka ziwiri n'kulowa m'madzi. Akanama kuti ndi maloto oipa chabe, akazi a pulofesa, mayi okalamba, amene ankamulandira ngati mwana wawo, apitiriza kugona pafupi ndi manja amenewo.

"Ukuchedwa," anatero Kadzidzi.

"Bwana, mwina tikanamuyezanso kachiwiri..."

"Ine sindinakuphunzitse za mwina. Lemba."

Mandevu analemba. Analemba dzina la matendawo, cholembera chikuterera ndi thukuta. Pansi pake anawonjezera malangizo: kuyambira lero wodwalayu asagonenso bedi limodzi ndi munthu; mipeni, mabotolo ndi chilichonse chosweka zichoke kuchipinda kwake; akaonane ndi dokotala wa ubongo, ndipo akonze za banja lake mutu udakali bwino. Anasaina, nakankhira pepalalo kutsogolo.

Kadzidzi analiwerenga kawiri, milomo ikuyenda popanda mawu.

"Ulibe chikaiko?"

"Ndilibe, bwana."

"Ngakhale mwini wake atakugwadira kuti walakwitsa?"

"Mizere sinama. Munatiphunzitsa ndinu."

Mandevu anayang'ana imvi za mkuluyo, mapewa akugwa aja, ndipo chisoni chinaposa mantha. Munthu uyu anamuphunzitsa zonse, mpaka kakhalidwe ka pampando pouza wodwala nkhani yowawa. Anasendera pafupi, natsitsa mawu monga momwe anaphunzirira.

"Pepani kwambiri, bambo. Nkhaniyi situluka m'chipinda muno, ndipo ndidzakusamalirani ndekha mpaka pomaliza. Satifiketi mukhoza kuisunga ngati ndakulakwirani. Koma amayi kunyumba muwauze lero, dzuwa lisanalowe."

Kadzidzi anatsegula kabati, natulutsa satifiketi, nasaina pang'onopang'ono. Maso ake anali atalengeza misozi.

"Wakhoza, mwana wanga. Ndinafuna uwerenge wekha ndi kusaina wekha, chifukwa ndikanakuuza ine ukananditsutsa mpaka mawa."

Anagwira dzanja la Mandevu nalifinya.

"Ukukumbuka mwezi watha, unagona m'chipinda choyezera kuti tiyese mawaya atsopano? Mawayawo sanali atsopano. Nambala 41 ndiwe. Anandipempha ndi mkazi wako, atandionetsa mabala a pakhosi pake."