Nsidze za a Baketi

"Meta zonse, kasatsale ngakhale kamodzi!" a Baketi anauza mng'ono wawo Henuti.

Kumsika kunamveka zoti mphaka wa mfumukazi wafa, ndiye mukudziwa kale mwambo wa kuno, mphaka akafa eni nyumba amameta nsidze pomulira. A Baketi si achibale ngakhale pang'ono kkkk, koma ankafunitsitsa ntchito yopesa mawigi a mfumukazi, ndiye anati akalire kuposa eni ake.

"Achemwali, mwangokhala ngati dzira la nthiwatiwa!" Henuti anaseka mpaka lumo kugwa.

"Seka lero, mawa uzidzandigwadira."

Anafika pachipata cha nyumba yachifumu akubuma, pamphumi pali mbee. Mlonda anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Kwagwanji mayi?"

"Mphaka wa mfumukazi yathu, mayo ine!"

"Uyu?"

Abale inu, chimphakacho chinali pamwamba pa mpanda pompo, ndolo yagolide kukhutu, chikunyambita mchira osawalabadira n'komwe!

"Kumsika akunamizani. Wafa ndi bulu wotuta madzi," anatero mlonda akupukuta misozi ya phwete. "Koma ngati mwadzera ntchito, ya malemuyo ilipo. Mitsuko ili apo."