Chisense cha ku Luapula

"Bashi Emmy, izi nsomba mwagula kuti?" Lukonde anafunsa mwamuna wake Dingani, akununkhiza thumba.

"Ku Luapula, padoko pamene bananituma."

Lukonde anabadwira ku Luapula komweko. M'thumbamo munalibe chisense cha kwawo, munali kapenta wa ku Siavonga, wopezeka mumsika uliwonse wa mu Lusaka. Ndiye munthu wotumidwa kukaona ngati doko la maboti n'lolimba anagona kuti sabata yonse?

"Nindani uyo mukazi? Wa ku Kabwata? Kambani, nilonge katundu wanga lelo."

Dingani anapukuta thukuta. "Kulibe mukazi. Nenze kwa Phineas ku Chelstone. Funsani bakazi bake, mupemphela nabo."

"Nanga doko?"

"Kuja ni kutali, bana Emmy, elo manzi nimayopa. Ninatumila foni kapitawo, anakamba ati mapulanga yali che bwino. Ba bwana nabauza kuti bantu bazikwela."

Lukonde anaseka mpaka misozi, mtima utakhala pansi. Banja lake linali lidakalipo. Anayatsa mbaula kuti akazinge kapentayo.

"Nanga Emmy ali kuti? Sanabwele kunilandila," Dingani anafunsa za mwana wawo.

"Namukweza basi kuseni, ayenda kwa ambuye bake kuchilumba. Azakwelela boti padoko yanu. Nenze kukana, koma munaniuza pafoni kuti doko mwaiona na menso yanu."

Dingani anavalanso nsapato.

"Basi ina ya ku Luapula inyamuka nthawi bwanji?"