Bokosi la Zipolopolo la Malemu Bambo

"Siyani, achimwene! Bambo anandilonjeza ineyo!" anakuwa telala, atakakamira chogwirira cha bokosi lachitsulo lobiriwira.

"Woyamba kubadwa ndani pano?" anabweza mkulu wake, dalaivala wa basi, akukokera kwake.

Bokosilo linali la zipolopolo, ndipo malemu bambo awo ankalumbira kuti analisenza pamutu pochokera ku nkhondo yaikulu ija. Aliyense ankafuna kukalikhazika pabalaza pake kuti alendo aziliona.

Mlamu wawo, yemwe anapuma pa usilikali, anapukuta fumbi ndi chala n'kuyamba kuwerenga zilembo zachikasu za m'mbali mwake.

"Apa alemba kukula kwa chipolopolo, apa kuchuluka kwake. Zilembo izi ndi za fakitale, ndipo manambala awiri otsatirawa ndi chaka chimene anazipanga." Anakhosomola pang'ono. "Alemba 84. Alamu, nkhondo ija inali itatha kalekale."

Mayi awo, amene ankadula anyezi pakhomo la khitchini, anaseka mpaka kugwetsa mpeni.

"Bambo anu nkhondo ankangoimvera pawailesi! Bokosilo ndinagula ndine kwa wogulitsa zitsulo zakale. Chivundikiro chake chili ndi labala, nyerere sizilowa. Ndinkasungiramo shuga."

Dalaivala anachotsa manja pang'onopang'ono. "Tenga iwe, mng'ono wanga. Paja anakulonjeza."

"Ayi, achimwene, sindingakuderereni. Woyamba kubadwa ndinu."

Mayi anadzuka, anapukuta manja pa epuloni n'kulinyamula okha.

"Nyerere zija zabweranso," anatero akulowa nalo m'khitchini.